Kabichi wa Olinda

Olinda, mkazi wanga, anamwalira mu Juni, nthawi imene kuzizira kwa ku Lichinga kumalowa mpaka m'mano. Inamutenga ndi mphumu yomwe anakula nayo. Anasiya nyumba ya ku Lulimile, yomwe tinamanga pa malo a amayi ake, anasiya ine, ndipo kuseri kwa nyumbako anasiya mizere ya kabichi amene anaoka yekha asanagone pa mphasa. Mwana tinalibe.

Anthu atabalalika pamaliro, atsibweni ake a Olinda, a Kalekeni, anandiitanira pansi pa mtengo wa mapeyala. Iwowa ndiwo mwini mbumba. Amakhala ku Meponda, munthu wamfupi wosakonda kubwereza mawu.

"Akamwini, mwambo mukuudziwa," anatero. "Mwana wathu wapita, ndiye tiyenera kukusudzulani, mubwerere kwanu, mukaone moyo wina. Koma ife sitichotsa munthu mbewu zili m'dimba. Kabichi waoka Olindayu mumusamale. Mukakolola tidzabwera."

Ndinati zikomo, chifukwa ndi mawu okhawo amene anali pafupi. Kwanu ankanenako kulibe. Mudzi umene ndinabadwira unapsa pa nkhondo ine ndili kumsana. Ndinakulira ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, amayi ndinawaika komweko, ndipo pobwerera ndinakwera lole imodzi ndi banja la a Olinda chifukwa panalibe wina wondiitana. Mudzi uja ndinapitako kamodzi kukaufuna, ndinangopeza mitengo ndi nyemba za munthu wina. Ngakhale nkhoswe ya ukwati wathu inali yobwereka kutchalitchi. Mwambo sufunsa ngati munthu ali ndi kopita, koma a Kalekeni zonsezi ankazidziwa, nawonso anaima nawo pa mzere wa ufa ku msasa kuja.

Masiku otsatira sindiwakumbukira bwino. Ine ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi mafoni pakhonde. Ndinkadzuka, kuyala zida, munthu akabweretsa wailesi kuitsegula, kuitseka, kumupatsa. Chakudya sichinkakoma, sichinkaipanso. Ponena za ine, ena ankati a Cândido ndi olimba mtima, ena ankati ndi ouma mtima, ine ndinkangowamva ngati akuyankhulira m'nyumba ina. Kabichi ndinkamuthirira m'mawa chifukwa Olinda ankathirira m'mawa, osati kuti ndinkamuona.

Mng'ono wake wa Olinda, Gilda, ankabwera Loweruka kudzandizonda. Amachita lendi kachipinda kamodzi ku Namacula ndi ana ake, ndiye nyumbayi ikasowa mwini ndi yake. Sindimuda ayi. Kungoti akalowa, maso ake amayamba apatsa moni mazenera, kenako denga, ine n'kudzamalizira. Loweruka lina anazungulira kuseri n'kundiitana.

"Alamu, repolyo uyu akufatu."

Ndinayang'ana kabichiyo, ndipo zinali zoona. Masamba apansi anali achikasu, ena ofiirira, mbewu zitangoti njo osakula.

"Akafa ndiye kuti palibenso chodikira," anatero. Sankanena mwankhanza, ankangoganiza mokweza. "Atsibweni anati mukakolola. Nanga popanda chokolola, si basi?"

Ndi tsiku limenelo pomwe ndinamvetsa kuti m'nyumba muja ndikukhalamo chifukwa cha kabichi. Akafa ndinyamuke. Mantha sindinawamve, ndinangoona kuti pali chinthu chowonongeka chimene chabwera pakhonde panga, ndiye ndichikonze.

Feteleza Olinda ankamukana, ankati amaledzeretsa nthaka, chaka chamawa imadzuka ndi matsire. Ine sindikanathira pa kabichi wake chinthu chimene mwini wake ankachikana. Kuseri kwa chimbudzi anasiya mulu wa manyowa ake: masamba, makoko a nyemba, zitosi za nkhuku ndi phulusa, zonse zitaola mpaka kuda bii. Muluwo unali wochepa, sukanakwanira mizere yonse. Koma ndinakumbukira zimene ankandiuza akachokera ku gulu lawo la amayi olima ndiwo, ine ndikumvetsera ndi khutu limodzi. Ankati manyowa ochepa ukhoza kuwafulula ngati tiyi. Umawamanga m'kansalu, kuwaviika m'chidebe cha madzi, kuthira kashuga, kenako n'kumapopera mpweya pansi pa madziwo tsiku lonse mpaka mawa lake. Tizilombo tabwino ta m'nthaka timaswana mmenemo, ndipo timafuna kupuma ngati munthu. Popanda mpweya timafa, m'chidebe n'kutsala zonunkha. Ku gulu kuja mlangizi anawaonetsa ndi kapampu kopumitsira nsomba za m'galasi. Olinda anakafunafuna mumsika mpaka kutopa. Nanga m'Lichinga muno ndani amaweta nsomba m'galasi? Ife nsomba timazidziwa zouma, zili m'dengu.

Kunsi kwa bedi kunali makina ake opumira, kabokosi koyera kokhala ndi paipi ndi chophimba pakamwa, kamene kamasandutsa mankhwala kukhala nthunzi. Anamutumizira ndi msuweni wake wa ku Nampula. Katundu wa womwalira amadikira tsiku losudzula, ndiye palibe amene anali atawakhudza. Ndinawatulutsa, ndinachotsa chophimbacho n'kuchibwezera m'bokosi. Chotsalacho ndi pampu basi, imakoka mpweya uku n'kuutulutsira uko.

Paipi yake inali yaifupi, ndinailumikiza ndi ina ya petulo ya njinga yamoto, yatsopano, n'kumanga ndi mphira. Ndinawotcha singano n'kubowola timabowo kumapeto kwake, nsonga n'kuitseka ndi kamtengo. Ndinaizengeza pansi pa chidebe chomwe tinkachapira, n'kuipsinja ndi miyala yotsuka kuti isayandame. Madzi ndinatunga pachitsime, chifukwa apampopi ali ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo sasankha tabwino ndi toipa. Manyowa ndinamanga m'chidutswa cha neti yakale ya udzudzu n'kuchilendewetsa pa ndodo yopingasa pakamwa pa chidebe. Ndinafinyiramo madzi a nzimbe. Zonsezi ndinaziika m'kakhitchini ka kuseri, chingwe cha magetsi n'kuchidutsitsa pazenera.

Nditayatsa, makina analira kulira kwawo kuja. Zaka zambiri phokoso limenelo linkatanthauza kuti Olinda wakhala tsonga pabedi, mapewa ali m'mwamba, akusaka mpweya. Ndinaima kudikira kuti mwina m'chifuwa mwanga muchitika kanthu. Simunachitike kanthu. Madzi anayamba kubwata popanda moto, ine n'kukhala pa mpando kumawayang'ana.

Makinawo sanapangidwire kulira tsiku lonse. Akalira pang'ono amatentha, uyenera kuwazimitsa apume, kenako n'kuyatsanso. Ndiye ndinasamutsira zida zanga kukhitchini komweko, ndizikonza wailesi uku ndikuyatsa ndi kuzimitsa. Tiyi woyamba anakanika. Magetsi anathima masana onse, pofika mawa lake m'chidebe munkanunkha moti ngakhale nkhuku zinkalambalala. Ndinakataya kudzala. Wachiwiri anachita thovu pamwamba, madzi ali oderako, fungo lake lili la dothi. Tiyi wotere sasungika, ukazimitsa makina uyenera kumuthira m'mawa womwewo. Ndinamusungunula ndi madzi ena n'kuthira patsinde pa mbewu iliyonse, wotsala n'kuwaza pamasamba ndi botolo loboola chitsekero.

Sanachedwe kuyankha kabichi uja. Masamba atsopano anatuluka obiriwira, otambalala, mizere n'kutsekana mpaka dothi osaonekanso. Mphepo ya Ogasiti inkaulutsa fumbi lofiira m'madimba a anzanga, kwanga kuli bii. Nthaka imene kale inkakana khasu inayamba kulola chala. Ndinkafulula sabata ndi sabata. Kusangalala sindinasangalale, koma ndinali ndi chodzukira.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti kabichi wodya bwino amafulumira. Mitu inakulungana, inalimba, ndipo m'mawa wina nditadina umodzi ndi chala ndinapeza uli gwa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinamupulumutsa kuti ndisachoke, tsopano wakhwima kuti ndichoke. Munthu wanzeru akanasiya kufulula tsiku lomwelo. Ine ndinapitiriza, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa: makina akazima, nyumba ija inkati zii, ndipo chete ameneyo ndinkamuopa kuposa a Kalekeni.

Alimi a kabichi ali ndi kachenjerero kawo. Mutu ukakhwima koma iwe sunafune kudula, umaugwira ndi manja awiri n'kuupotokola pang'ono kuti mizu ina iduke. Ukatero umamwa madzi ochepa, suphulika msanga. Ndinapotokola mzere ndi mzere. Gilda akabwera ndinkamuchingamira pakhonde, n'kumuuza kuti mbewu zikuyesayesa, koma zikadali kutali.

Pakati apo anthu anasiya kubwera ndi mawailesi. Ndinkayesa kuti mwina mawailesi a ku Lulimile asiya kufa. Amayi opita kuchitsime anayamba kudutsira njira ya kumtunda, ndipo kutchalitchi benchi langa linkakhala ndi malo ambiri. Amene anandimasulira ndi mayi Tausi, oyandikana nawo nyumba, amene ankagawana mchere ndi Olinda. Anandiitana pa mpanda ndikuthirira.

"Vizinyu, mnansi wanga, ndikuuzeni kanthu, musandide."

"Nenani, mayi Tausi."

"M'bairo muno, dera lonseli, akuti Olinda sanapite. Akuti mwamusunga m'nyumba, ndiye akukulimirani."

Ankanena za ndondocha, munthu amene anthu amati wamwalira pomwe wina wamutenga ndi mankhwala kuti azimugwirira ntchito mobisa. Ndinatula chothirira pansi.

"Makina aja tonse timawadziwa," anapitiriza. "Zaka zonsezi akalira tinkati mnzathu chamugwira chifuwa. Tsopano munthu tinamuika, makina akulirabe. Kulira n'kupuma, kulira n'kupuma, ndendende ngati kale. Ndiye repolyo wanuyu tamuonani. Wanga tinaoka tsiku limodzi, mbande anandigawira ndi Olinda yemweyo, koma wallahi, wanga ngati zibakera za khanda."

"Inu mukukhulupirira?"

"Ine sindidziwa. M'bokosi ndinamuona ndi maso angawa. Koma makinawo akayamba ndimatseka zenera." Anakonza mpango wake. "Gilda ndamuuza. Ndinaona kuti bola amve kwa ine kusiyana n'kukamva kumsika."

Ndinayenera kupsa mtima, kapena kuseka. Anthu amene foni ikangozima amathamangira kwa ine akunjenjemera, lero andipatsa nzeru zoukitsa akufa. Koma chimene chinandibwerera ndi china. Ndinaganiza kuti ndikanakhala nawo mankhwala omubweza Olinda, khasu sindikanamupatsa, ndikanamukhazika padzuwa n'kumufunditsa bulangete. Ndinawathokoza mayi Tausi n'kumaliza kuthirira.

A Kalekeni anafika Lachiwiri m'mawa ndi shapa, minibasi yoyamba ya ku Meponda, Gilda ali pambuyo. Makina anali akulira. Ndinawaona ataima pachipata, mkuluyo atapendeketsa mutu, Gilda atagwira mpanda ndi manja onse awiri. Kumsewu anthu anali atayamba kale kusonkhana, aliyense akunamizira kuti akungodutsa.

"Akamwini, tilowe."

"Lowani, atsibweni. Nyumba ndi yanu."

Anayenda chipinda ndi chipinda. Gilda anasuzumira kunsi kwa bedi, anatsegula kabati, anayang'ana ngakhale m'mbiya ya ufa, ngati mkulu wake angakwanemo. Kenako a Kalekeni anatsata chingwe cha magetsi kuchokera pazenera mpaka kukhitchini. Ananjuta pafupi ndi chidebe n'kuyang'ana madzi akubwata.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa mulu wa manyowa mpaka pa nzimbe. Sanandidule. Anaviika chala m'thovu, ananunkhiza, anapukutira pa buluku.

"Fungo la mvula yoyamba," anatero. Anadzuka n'kupita pa mpanda. "Mayi Tausi, ndi inu nonse mwaima apo, bwerani mudzaone ndondocha yanu."

Analowa mmodzimmodzi, kusuzumira m'chidebe, n'kutuluka. Ena ankaseka mwamanyazi, ena anachoka atakhumudwa, poti anasiya ndiwo pamoto kudzaona chidebe. Mayi Tausi anafunsa ngati shuga wamba angachite m'malo mwa nzimbe. Gilda yekha ndi amene sanaseke. Anaima pakhomo pa khitchini akuyang'ana makinawo.

"Chimene achemwali ankapumira mwachiviika m'ndowe, alamu?"

"Chophimba pakamwa ndinachotsa. Chili m'bokosi."

Anawerama, anazimitsa makina, anazula paipi, n'kuwapukuta ndi chitenje chake mbali zonse. Anawakumbatira pachifuwa n'kulowa nawo m'nyumba. Thovu m'chidebe linayamba kuphwa.

Ndinkayesa kuti nkhani yathera pamenepo, koma a Kalekeni anali atalowa kale m'dimba. Ankayenda pang'onopang'ono pakati pa mizere manja ali kumbuyo. Mitu ina inali itang'ambika pamwamba ngakhale ndinaipotokola, mkati moyera muli poyera. Anawerama, anagwedeza umodzi, unagwedezeka.

"Mwawapotokola."

Anaweramuka n'kundiyang'ana.

"Kabichi uyu anakhwima kale, akamwini."

"Ena sanalimbe, atsibweni."

Anadina wina ndi chala chachikulu, anadina winanso, mpaka kumapeto kwa mzere. "Alimba onse. Tengani mipeni."

Tinadula atatu, ine, iwo ndi Gilda. Mayi Tausi anabweretsa matumba. Mitu inali yolemera, yozizira m'manja, ina munthu kuinyamula ndi manja awiri. Ndinkadula ngati ndikugwira ganyu m'dimba la munthu wosamudziwa. Koma manja anga ankadziwa chimene akuchita. Ndinkadulira m'mwamba, pansi penipeni pa mutu, n'kusiya chitsa chachitali ndi masamba ake apansi. Chitsa cha kabichi chikasiyidwa chotero n'kumathiriridwa chimaphukira timitu tina tating'ono m'mbali. Ameneyonso ndi kabichi amene anaoka Olinda, ndipo amatenga nthawi kuti akhwime.

Dzuwa litakwera, matumba anali atadzaza pansi pa mtengo wa mapeyala. A Kalekeni anagawa: ena kwa mayi Tausi, ena akutchalitchi, ena okadya pa tsiku losudzula, limene anati likhala Loweruka. Kenako anabwerera m'dimba n'kuima pa mizere imene ndinadula ine. Anayang'ana zitsa zija, anayang'ana ine.

"Nanenso ndinalimapo kabichi," anatero. "Tizule."

"Zitsa zilibe kanthu, atsibweni. Ziwola zokha."

"Ziphukira. Muzizithirira mpaka mvula, mvula ikadza mudzapeza china chodikira."

Gilda anali atapita kukatunga madzi. Tinatsala awiri. Ndinanena chimene sindinanene pamaliro paja, ndipo mawu anatuluka ouma ngati ndikunena za munthu wina.

"Ndilibe kopita."

"Ndikudziwa." Anatola kadothi n'kukafikisa m'zala. "Ku Meponda kuli kanyumba kanga kosungira nsomba zouma. Mukhoza kukhalamo mpaka mutaona kwina. Mawailesi kumenekonso amafa. Koma pano ayi. Gilda akugona ndi ana m'chipinda chimodzi, ndipo anthu awa lero aona chidebe, mawa apeka china. Mwana wathu tinamuika kamodzi, akamwini. Sindikufuna kudzaikanso wina amene anauma ali chiimire kuseri kwa nyumba yake."

Anayamba ndi iwo, kugwira chitsa, kukoka, kukung'untha dothi, kuponya pa mulu. Gilda atabwera anatenga mzere wake. Ine ndinatenga wanga. Mizu inkatuluka yoyera, yambiri, nyongolotsi zikugwa n'kuthawira pansi. Ndinkazula mochedwa, iwo anamaliza mizere yawo n'kudzandithandiza wanga kuchokera kumapeto, mpaka panatsala chitsa chimodzi pakati pathu, chokhala ndi masamba ake awiri apansi. Gilda anatambasula dzanja, a Kalekeni anamuletsa ndi maso.

"Ichi ndizula mawa," ndinatero.

A Kalekeni anapita kukhitchini, anatenga mpando wanga uja, anadzauika m'mphepete mwa dimba n'kukhala.

"Sitikufulumira," anatero. "Shapa yomaliza ndi yamadzulo."

Ndinaima, iwo anakhala. Kumsewu kunadutsa wogulitsa makala akuitanira. Ndinkafuna kuti chitsacho chikane, chigwire pansi, ndivutike nacho mpaka thukuta, mwina mpaka ndiitanitse khasu. Ndinawerama n'kuchigwira ndi dzanja limodzi. Chinangobwera, osalimbana nane n'komwe. Nthaka ndinali nditaifewetsa ndekha.